Za M'sutikesi ya Pansi pa Bedi

 Lero tikambirana nkhani imene anthufe sitikonda kuikamba poyera, ngakhale kuti palibe banja limene nkhaniyi idzalilambalale. Tikamba za katundu wamng'onowamng'ono amene munthu amasunga moyo wake wonse, monga zithunzi, makalata, ziphaso ndi mphatso, ndiponso za mtolo umene katunduyu amasanduka kwa ana ndi abale mwini wake akatisiya. Zitsanzo zathu titenga m'malokeshoni a mzinda wa Lilongwe, ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, koma ndikhulupirira kuti womvera aliyense aona kuti za kwao n'zomwezi.

M'nyumba zambiri za m'malokeshoniŵa muli sutikesi yakale kapena bokosi lachitsulo limene limakhala pansi pa bedi, ndipo ana amaletsedwa kuligwira. Mutalitsekula mungapezemo setifiketi ya ukwati, makhadi a ubatizo, malisiti a msonkho, khadi la chipani la masiku a chipani chimodzi, mapeni ndi mashereni aja amene tidaleka kugwiritsa ntchito kwacha itabwera mu 1971, makalata ochokera ku Joni kapena ku Harare, ndi zithunzi zambirimbiri zomangidwa ndi mphira. Mwini wake amadziŵa chilichonse m'menemo. Amadziŵa kuti mnyamata wovala chipewa uja ndi mlongo wake amene adatchona, kuti kapepala kong'ambika kaja ndi umboni wakuti poloti adalipira yonse, ndiponso kuti nsalu yopindidwa ija idali ya malemu mayi ake. Vuto n'lakuti zonsezi zidalembedwa m'mutu mwake mokha. Tsiku limene iye apita, katundu amatsala, koma mbiri ya katunduyo imapita naye kumanda. Otsala amayang'ana mulu wa mapepala ndi nkhope zachilendo, osadziŵa choti asunge ndi choti ataye.

Chifukwa chake vutoli n'lalikulu m'tauni

Kumudzi munthu akamwalira, nyumba yake imatsala pomwepo, ndipo pafupi pamakhala azakhali, amalume ndi agogo ena amene angathe kuzindikira nkhope ya pa chithunzi ndi kuloza malire a munda. M'tauni zinthu sizili choncho. Pa kalembera wa mu 1966 Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo likulu lidasamuka mu 1975. Pofika 1977 anthu adali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000. Ambiri mwa ameneŵa adachokera m'maboma ena kudzafuna ntchito ya zomangamanga, ya m'maofesi, kapena ya m'mafakitale a fodya ku Kanengo. Anyamata ndi atsikana amene adafika masiku amenewo lero ndi agogo. Ana awo adabadwira ku Kawale kapena ku Area 25, ndipo ena mwa iwo kumudzi adapitako kaŵiri kapena katatu kokha, mwinanso pa maliro basi. Mwana wotere sangadziŵe abale a pa chithunzi ngati kholo lake silidamuuze.

Chinanso n'chakuti maliro a m'tauni amayenda mothamanga. Thupi likangochoka kuchipatala, galimoto imakhala ikudikira kupita ku Ntcheu, ku Nkhata Bay kapena ku Thyolo. Ngati nyumba idali ya lendi, eni ake amafuna nyumba yawo mwezi ukatha. Ngati idali ya kuntchito, nakonso amapereka masiku oŵerengeka. Abale ochokera kutali amafuna kuti zonse zikambidwe asadabalalike, poti ndalama zobwereranso palibe. Motero katundu amene munthu adasonkhanitsa zaka 40 amalongedzedwa tsiku limodzi, ndi anthu otopa, olira, ndiponso osagona. Pamenepo m'pamene pepala la poloti limayatsira mbaula, zithunzi zimanyowa pa lole, ndipo mlongo ndi mlongo wake amayamba kuyang'anana ndi diso lofiira chifukwa cha makina osokera.

Kodi kutero si kudziitanira imfa?

Ndikudziŵa kuti makolo athu ena amene akumvera ayamba kale kupukusa mutu, nkumati, "Mwana uyu akutilosera zoipa." Pepani makolo anga, koma imfa siidikira kuitanidwa. Imatenga wokonzeka ndi wosakonzeka yemwe. Kusiyana kwake kumaoneka kwa otsala.

Ndipo mwambo umenewu si wachilendo. Akuluakulu akale akaona kuti mphamvu zayamba kuchepa, ankaitana mwini mbumba kapena mphwawo wodalirika, nkuyenda naye m'malire a munda, kumuonetsa mtengo umene uli chizindikiro, kumuuza za ng'ombe imene idakaikizidwa kwa bwenzi, ndi kumpatsa pamanja nkhwangwa kapena kasemasema. Palibe ankanena kuti akudzitemberera. Ankatamandidwa kuti ndi munthu wolongosoka. Ngakhale kutali ku Sweden aliko ndi chizoloŵezi chotere, chakuti munthu akakula amayamba kuchepetsa yekha katundu wake kuti ana asadzavutike, ndipo mayi wina wa kumeneko, Margareta Magnusson, adalemba buku la nkhaniyi limene lidatuluka mu 2017 ndi kuŵerengedwa m'maiko ambiri. Kwao vuto n'kuchuluka kwa katundu. Kwathu kuno katundu ndi wochepa, koma kalikonse kali ndi ntchito, ndipo kakasoŵa n'kovuta kukapezanso.

Yambani ndi mapepala

Potsekula sutikesi, choyamba patulani mapepala amene ali ndi mphamvu pa malamulo kapena pa ndalama. Ameneŵa ndi monga chiphaso cha unzika, chimene Amalaŵi ambiri adalembetsa mu 2017, setifiketi ya ukwati, ziphaso za kubadwa kwa ana, mapepala a poloti kapena nyumba, a galimoto, a kubanki, a penshoni ndi a inshuwalansi.

Pa za malo tiyenera kutsindika. Ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25 mapoloti ambiri adagaŵidwa ndi akuluakulu a nyumba ndi a mzinda, ndipo pamakhala kalata ndi malisiti osonyeza dzina la mwini wake. Yang'anani ngati dzina lili pamenepo n'lanudi. Alipo anthu amene adagula nyumba kalekale koma sadasinthe dzina, kotero kuti pa mabuku nyumbayo ikali ya wogulitsa, amene mwina adamwalira kale. Kusintha dzina inu muli moyo n'kosavuta poyerekeza ndi zimene ana anu adzakumane nazo. Ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene malo ambiri adapezeka kudzera mwa mafumu kapena pogulana anthu aŵiri, kaŵirikaŵiri umboni wonse umakhala kapepala kamodzi kolembedwa pamanja, kokhala ndi chidindo cha amfumu ndi maina a mboni. Kapepala kameneko n'kamtengo wapatali kuposa mipando yonse ya pabalaza. Kachiteni fotokope, kamodzi kakhale kwa inu, kena kwa munthu amene mumamkhulupirira, ndipo ana adziŵe mboni zimene zikali moyo.

Palinso mapepala a ntchito zakale amene amaoneka ngati zinyalala. Amalaŵi zikwizikwi adagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ulendowu udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwao. Udayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, mpaka udatha mu 1988. Patapita zaka zambiri, mu 2019, khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wakuti makampani a migodi ya golide apereke chipepeso kwa amene adadwala chifuŵa chachikulu kapena matenda a fumbi la m'mgodi, ndipo amasiye a amene adamwalira adaloledwanso kupempha. Pa nkhani zotere chofunsidwa choyamba ndi umboni wakuti munthu adagwiradi ntchito: dzina la mgodi, zaka zake, ndi nambala yake ya kuntchito. Amene adasunga kakhadi kakale ka bambo awo ali ndi poyambira. Amene adakataya poyesa kuti n'kachabe amayamba ulendo wautali.

Musaiŵale kulemba za ngongole, zimene muli nazo kwa ena ndi zimene ena ali nazo kwa inu. Lembani za banki m'khonde ndi chipereganyu, ndi dzina la mlembi wa gulu. Pa maliro obwereketsa amabwera msanga, koma obwereka amakhala chete. Amene muli pa penshoni onaninso fomu ija yotchula odzalandira ndalama. Ena adailemba akali mbeta kapena asadabereke ana ena, ndipo sadaikonzenso.

Mapepala onseŵa akhale mu envulopu imodzi yolembedwa bwino, yokulungidwa mu jumbo, ndipo isakhale pansi. M'mwezi wa Disembala 2017 madzi osefukira adaloŵa m'nyumba za ku Kawale, Biwi ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'nyumba yoloŵa madzi zoyamba kunyowa ndi za pansi pa bedi. Chiswe, njenjete ndi makoswe nazonso zimakonda malo omwewo. Pamwamba pa kabati, kutali ndi podontha, m'pabwino koposa.

Zithunzi zipatseni maina

Tsopano tifike pa zithunzi, chifukwa apa m'pamene pali ntchito imene palibe wina angakugwirireni. Pepala la kubanki likasoŵa, a kubanki ali ndi mabuku awo. Koma dzina la munthu wa pa chithunzi likaiŵalika, kulibe ofesi imene mungakalifunse.

Tengani chithunzi chilichonse, muchitembenuze, ndi kulemba kumbuyo kwake zinthu zinayi: ndani, ndi ubale wake kwa ana anu, kuti, ndi chaka chanji. Musangolemba kuti "amalume", pakuti mdzukulu wanu adzafunsa kuti amalume a yani. Lembani dzina lonse, mfunda, mudzi ndi mfumu yaikulu. Ngati anthu ali ambiri, yambani kumanzere kupita kumanja. Chaka mukachiiŵala, lembani chochitika chimene mukukumbuka, monga kuti "chaka chimene chipatala cha Kamuzu Central chidatsekulidwa", ndipo ana adzapeza okha kuti mudali mu 1977, kapena "chaka cha riferendamu", chimene ndi 1993. Lembani ndi pensulo yofeŵa, mosakanikiza. Inki ya bolopeni imadutsa pepala pakapita nthaŵi ndipo imadetsa chithunzi chimene chagundana nacho.

Zithunzi zakuda ndi zoyera zija za m'masitudiyo akale zimakhalitsa. Zamitundumitundu za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zimafuwirira msanga, makamaka zikapachikidwa poomba dzuŵa. Chinyontho chimazimatiriza pamodzi, ndipo zikamatirirana musazikoke mwamphamvu. Mphira womangira uja akaola amasiya chipsera, choncho ndi bwino kuziika mu envulopu. Ndiponso musafulumire kukamatitsa pulasitiki ndi makina otentha aja pa chithunzi kapena setifiketi imene ilipo imodzi yokha, chifukwa zikamatidwa sizimatukanso. Matitsani fotokope yake.

Si chithunzi chilichonse chofunika kusunga. Ngati pa ukwati umodzi pali zithunzi 30, sankhani zisanu zooneka bwino. Zobwereza perekani kwa eni nkhopezo kapena kwa ana awo. Mwana wa mnzanu amene bambo ake adamwalira iye ali khanda mwina alibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, pamene inu muli nacho m'sutikesi. Kumpatsa mwanayo n'kumpatsa chinthu chimene ndalama sizingagule.

Masiku ano pafupifupi m'banja lililonse muli wina amene ali ndi foni yojambula. Itanani mdzukulu, ajambule zithunzi zofunikazo poŵala bwino, nkuzitumiza pa WhatsApp kwa abale a ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, pamodzi ndi maina aja. Motero mkangano wakuti chithunzi cha agogo chikhale kwa yani umatha, poti aliyense ali nacho. Mdzukuluyo angathenso kujambula mau anu pamene mukufotokoza.

Zina mwa zithunzi zanu n'zothandiza dziko lonse. Amene muli ndi zithunzi za kumangidwa kwa Capital Hill, za kufika kwa njanji kuchokera ku Salima mu 1979, kapena za msika wakale wa Lilongwe, dziŵani kuti ku Zomba kuli nyumba yosungira mbiri ya dziko, National Archives, imene idayamba mu 1947. Musanataye zotere, funsani kaye ngati angazifune.

Za m'foni

Achinyamata asayese kuti nkhaniyi ndi ya okalamba okha. Sutikesi ya anthu a msinkhu wathu ndi foni. M'menemo muli zithunzi za ana athu, ndalama za ku Airtel Money kapena Mpamba, ndi mauthenga a malonda, zonse zotsekedwa ndi nambala yachinsinsi imene timaidziŵa tokha. Foni imabedwa, imagwa m'madzi, memory card imafa osatsazika. Sankhani zithunzi zoŵerengeka chaka chilichonse mukazitsukitse pa pepala. Lembani penapake nambala zimene mumasungirako ndalama, kuti otsala adzadziŵe kopita ndi makalata a imfa, ndipo pepalalo likhale mu envulopu ija.

Mphatso ziperekeni ndi manja anu

Mulu wachitatu ndi wa zinthu zimene pamsika sizingagulidwe ndalama zambiri, koma pa mtima n'zolemera: Buku Lopatulika lolembedwa masiku obadwa a ana, yunifomu ya Chigwirizano, kolona, tasibihi, mendulo za agogo amene adamenya nkhondo ku Burma ali m'gulu la King's African Rifles, wailesi yakale, mphika wa mayi. Zodabwitsa n'zakuti abale amadana kwambiri chifukwa cha zoterezi, pakuti aliyense amaona kuti kumanidwa chinthucho n'kumanidwa chikondi cha malemu.

Mankhwala ake ndi kugaŵa mwini wake ali maso. Chimene simukuchigwiritsanso ntchito perekani tsopano, pamaso pa ena, ndi kunena chifukwa chake. Chimene mukuchifunabe lembani m'kope kuti chidzakhale cha uje. Afunseninso anawo, chifukwa mwina inu mukusungira mwana wamkazi mbale zadothi pamene iye mtima wake uli pa buku la nyimbo. Mau a mwini wake, onenedwa onse akumva, savuta kutsata.

Zotaya ndi zobisika

Mulu wotsiriza ndi wa zotaya: malisiti a madzi a zaka zakale, mankhwala otha ntchito, makiyi a maloko amene adathyoka. Palinso makalata a pa ubwana amene adali a inu nokha, amene sangathandize munthu koma angathe kuŵaŵitsa mtima wa mkazi kapena mwamuna wanu. Muli ndi ufulu wowatentha.

Koma chinsinsi chimene chikukhudza amoyo sichitha ndi moto. Ngati kwina kuli mwana amene a m'nyumba samdziŵa, kutentha kalata sikumchotsa pa dziko. Adzafika ndithu tsiku la maliro, ndipo lamulo limamuŵerengera pamodzi ndi ana ena. Nkhani yotere ndi yoŵaŵa kuiulula, komabe ndi bwino ituluke pakamwa panu, pamaso pa ankhoswe kapena akulu a mpingo, kusiyana n'kuti idzaphulike pa siwa inu mulibenso mau.

Zimene lamulo likunena

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chuma chamasiye limene lidaloŵa m'malo mwa lakale la mu 1967. Malinga ndi lamuloli, munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankadalira iye. Ziŵiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kukhala kundende mpaka zaka 10. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwino, angathe kulemba wilu. Iyenera kukhala yolembedwa, ndipo mwini wake asaine pamaso pa mboni ziŵiri zimene nazonso zisainepo. N'chanzeru kusankha mboni zimene sizidzalandirapo kanthu. Ofuna uphungu angathe kufunsa ku ofesi ya bwanamkubwa, kwa Administrator General, kapena ku Legal Aid Bureau.

Komabe tizindikire kuti wilu imanena za nyumba ndi ndalama. Siinena kuti mayi wonyamula mwana pa chithunzi chija ndani. Kope la maina nalo silingateteze nyumba kukhoti. Ziŵirizi zimayendera limodzi.

Poyambira pake

Ntchitoyi si ya tsiku limodzi, ndipo woifulumizitsa amatopa nkuisiya. Patulani masana a Lamulungu limodzi pa mwezi. Yambani ndi mapepala chifukwa sagwira mtima kwambiri, zithunzi zibwere pambuyo. Musagwire nokha. Khalani pamphasa ndi mwana kapena mdzukulu amene amalemba bwino, inu muzinena, iye azilemba.

Kwa inu ana, samalani kafunsidwe. Mukafika n'kunena kuti, "Bambo, mapepala a nyumba ali kuti?" kholo liyesa kuti mwayamba kuŵerengera masiku ake. Koma mukati, "Amayi, kodi aŵa aima pambali panuŵa ndani? Tatiuzani tilembe, adzukulu anu adzawadziŵe," mudzaona kuti sutikesi itsekuka yokha, ndipo mudzamva nkhani zimene simudazimvepo chibadwire. Za mapepala zidzabwera zokha m'kati mwa kucheza.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau. Maso amachita khungu, makutu amagontha, ndipo maina amene lero ali pa lilime maŵa amathaŵa. Amene angatchule nkhope za m'sutikesi yanu ndinu nokha, ndipo nthaŵi yabwino yozitchula ndi ino pamene mungathe kuseka pofotokoza. Mukatero, ana anu adzalira maliro anu ndi mtima umodzi, osati uku akulira uku akufunafuna mapepala.